Mizere Iwiri ya Masamba pa Msewu wa ku Hull

Ndinaganiza zochoka ku Malawi tsiku limene ana a sukulu anagenda agogo anga ndi zitsononkho. Ndinali nditabwera kumudzi kuchokera ku Lilongwe, komwe ndinkanyamula katundu pa sitolo ina ya zitsulo. Agogo aNankhoma ankachokera kuchigayo, thumba lili pamutu, ana akuwalondola m'mbuyo n'kumaimba kuti, "Mfiti, mfiti, wadya ana!" Azibambo anali pomwepo pansi pa kachere akusewera bawo. Palibe anadzutsa mutu. Agogo anatula thumba lija, natola chitsononkho chimodzi n'kubwezera, ndipo sanaphonye. Kenako anandiona.

"Iwe Masautso, wangoti njo ngati chitsa? Nyamula ufawu."

Agogo anabereka ana anayi, ndipo onse anatha ndi matenda oonda aja amene masiku amenewo anthu ankaopa kuwatchula dzina. Mayi anga ndiwo anali omaliza kupita, ine ndili wamng'ono. Bambo sindinawaoneko. Mudzi unafuna munthu womuloza chala, ndipo unapeza mayi wokalamba, wamakani, wosalira pagulu. Amene ankasonkhezera kwambiri nkhaniyi anali a Bisalomu, mwana wa mng'ono wawo wa agogo, amene ine ndinkawatchula kuti malume. Ndinakula ndili mwana wosayankhulayankhula. Ndinkangoyang'ana. Ndinkawadziwa amene amalavula akamadutsa pakhomo pathu, ndinkawadziwanso amene amazembera kuseri kwa nyumba kudzapempha mchere, ndipo nthawi zambiri anali anthu omwewo.

Njala sindinkaiopa, tinaizolowera. Chimene ndinkaopa n'chakuti tsiku limene agogo adzatsinzine adzaikidwa ngati galu, popanda wolira. Ndipo ndinkakhulupirira kuti ulemu umabwera ndi malata. Ndinkati nyumba ikafoleredwa bwino, mdzukulu ali kunja, pakamwa pa anthu padzatsekeka pokha.

Nthawi imeneyo Mmalawi ankakwera ndege ya ku Mangalande asanapemphe viza. Mnzanga wina wa kutchalitchi anali ndi mlongo wake, Mayi Chisale, namwino pa chipatala china mu mzinda wa Hull, ndipo iwowa anavomera kudzandilandira. Nditawauza agogo, anayamba afwenkha fodya wawo.

"Kumeneko kuli ndani wako?"

"Palibe, agogo."

"Ndiye n'chimodzimodzi kuno. Pita."

Ndinafika ku Hull mu 2004. Ndinalembetsa pa kakoleji kena kuti mapepala akhale bwino, n'kupeza kachipinda m'nyumba imene tinkakhalamo anthu a mitundu yosiyana, aliyense ndi loko wake pa kabati ya zakudya. Ndinapakira nsomba, ndinatsitsa makatoni m'nyumba zosungiramo katundu. Panali masabata amene Chichewa ndinkachimva m'kamwa mwanga mokha, popemphera. Lero ndikakhala pakhonde kuno ku Kawale, phokoso la ana a aneba likandisowetsa mtendere, ndimakumbukira chipinda chija ndipo ndimawasiya asokose.

Ntchito ya masamba ndinaipeza mu Okutobala wa chaka chachiwiri. Kumeneko mitengo imavula yonse nthawi imodzi. Kwathu mtengo umayoyola pang'onopang'ono m'chilimwe, mbuzi n'kumatola. Kumeneko mbuzi kulibe, ndipo masamba amagwa pamodzi ndi mvula. Akanyowa amamatirira pa phula ngati phala, okalamba amaterereka n'kuthyoka chiuno, ngalande zimatsekeka. Choncho chaka chilichonse, mpaka chakumaKhirisimasi, khonsolo inkawonjezera aganyu kudzera kwa a ejensi, kampani yopezera anthu ntchito. Anthu okhala m'misewu ya mitengo yambiri ankapatsidwa matumba. Ankasesa kumaso kwa nyumba zawo n'kusiya matumbawo pachipata. Ife tinkatola matumbawo, n'kukokolola masamba otsala m'mbali mwa msewu ndi matsache aatali ndi mafosholo, kenako chipayipi chachikulu cha pa lole chinkawameza. Onsewo ankakawoletsedwa kuti asanduke manyowa.

Woyendetsa lole yathu anali Gary, mzungu wachikulire wa mimba yaikulu, amene Chingerezi chake chinanditengera miyezi kuti ndizichimva. Dzina langa linamukanika, ankangoti Mas.

Sabata yoyamba yomweyo ndinamuseketsa mpaka kutsokomola. Ndinkapalasa njinga kupita pomwe tinapangana kukumana. Nditakhota pa msewu wina ndinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa modutsa msewu. Sindinaganize n'komwe. Miyendo inatsika yokha panjinga, dzanja linavula chipewa, ndinayamba kukankha njinga ndikuyang'anayang'ana kuti siwa ili nyumba iti. Gary anali m'lole chapatsogolo, akundionera pagalasi.

"Mas, njinga yaphwa?"

"Ayi. Pali maliro."

"Maliro a ndani? Awa ndi anyamata odula mitengo, apita kukamwa tiyi!"

Ndinamufotokozera kuti kwathu masamba aawisi akaikidwa pamsewu, ndiye kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wawailesi amazimitsa, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Anaseka tsiku lonse. Tikapeza mulu wa masamba ankavula chipewa chake n'kuwerama, amvekere, "Pepani, pepani." Koma poweruka anati, "Komatu si zoipa zimenezo. Kuno munthu ukafa, basi imadutsa nthawi yake yomweyo."

Amalawi anzanga ambiri ankabisa ntchito zawo. Ankajambulitsa atatsamira magalimoto a eni ake n'kutumiza zithunzizo kumudzi. Ine ndinkayankhula ndi agogo kamodzi pamwezi, pa foni ya mwana wa Mayi a Tereza, mayi wamasiye woyandikana nafe, yekhayo amene ankalowa m'nyumba mwathu masana anthu akuona. Ankawaperekeza agogo pachulu cha kuseri kwa mjigo, pomwe netiweki inkagwira. Agogo ankakuwa pafoni ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo.

"Ukugwira ntchito yanji kumeneko?"

"Ndikusesa masamba m'misewu, agogo."

"Wakwera ndege kukasesa? Kuno tsache linasowa?"

"Kuno amalipira."

"Nanga masambawo amatani nawo? Amatentha?"

"Amawoletsa, akhale manyowa."

"Ooh. Ndiye azunguwo mutu ulimo pang'ono. Tamvera, a Bisalomu akuuza anthu kuti uli muofesi. Ine ndiwauza kuti ukusesa. Ndinakuphunzitsa ndine, ndichite manyazi ndi chiyani?"

Ndalama za masamba zija ndizo zinafolera nyumba ya agogo. Sindinkadya nyama, sindinkakwera basi, chotenthetsera m'chipinda ndinkachiyatsa pokhapokha zala zikakana kupinda. Mwana wa Mayi a Tereza anagula malata ku Dedza, anapeza mmisiri, ndipo anandiuza kuti dengalo linkawala mpaka kuonekera kumsewu waukulu. Ndinawafunsa agogo ngati anthu asiya zija. Anangoti, "Mvula ikamagwa pamalata sindimva chilichonse. Nzabwino." Ine ndinamva ngati akuti zatha.

Chaka cha 2007 madzi analowa m'nyumba za anthu ambiri ku Hull. Pofika nyengo ya masamba ena anali akugonabe m'makalavani, timanyumba tokokedwa ndi galimoto, pakhomo pa nyumba zawo, kudikira kuti zikonzedwe. Chaka chimenecho tsamba limodzi pakamwa pa ngalande linkakwanira kuti munthu aimbire foni ku khonsolo. Tinkagwira ndi Loweruka lomwe.

Lachisanu lina mu Novembala, ndili ndi fosholo m'manja, foni inalira. Anali Mayi a Tereza.

"Masautso, mwanawe, limba mtima. Agogo ako atisiya m'mawa uno."

Pasipoti yanga inali ku ofesi yoona za alendo, ndinali nditapempha kuwonjezera nthawi, ndipo yankho linali lisanabwere. Ngakhale ikanakhala m'thumba, maliro a kumudzi sadikira ndege. A Bisalomu anatenga foni. "Iwe tumiza za bokosi ndi za ufa. Zinazo utisiyire ife eni mbumba. Tiika mawa." Ndinatumiza zonse zimene ndinali nazo.

Loweruka m'mawa Amalawi anasonkhana kwa Mayi Chisale kudzandipepesa. Azimayi anakhala pansi pabalaza, zitenje atamanga pamwamba pa mabuluku, akuimba chapansipansi, mazenera ali otseka kuti aneba asadandaule. Azibambo anali kukhitchini, akunong'onezana za mashifiti ndi za mpira. Ine ndinaima pazenera. Kunja munthu ankadutsa ndi galu wake. Mtsikana ankathamanga, timawaya tanyimbo tili m'makutu. Magalimoto ankangoti fyuu, fyuu. Agogo anga anali gone pamphasa, dziko likuyenda ngati palibe chachitika, ife tikuimba ngati anthu amene aba kanthu.

Ndinatuluka. Mitengo ya mumsewu inali itavula kale, koma mpanda wa zitsamba wa pakhomo pa a Chisale unali wa mtundu uja wosayoyoka ngakhale kuzizire bwanji. Ndinatenga sizasi yaikulu yodulira mpanda n'kudula nthambi zodzaza manja. Ndinayala mzere umodzi modutsa msewu kumtunda kwa nyumba, wina kumunsi.

Bambo Chisale anatuluka ali ndi masokosi okha.

"Achimwene, mukutani? Kuno si ku Dedza! Mutiitanira apolisi. Mukudziwa kuti m'nyumbamu muli ena amene mapepala awo sali bwino?"

Ankanena zoona. Ndinati, "Amene akuopa atulukire khomo la kumbuyo, sindiwaimba mlandu. Koma masambawa sachoka mpaka agogo atalowa m'manda."

"Mwazungulira mutu inu?"

"Kapena."

Ena anatulukiradi kumbuyo, ndipo mmodzi mwa iwo sanandipatsenso moni mpaka ndinachoka m'dzikomo. Kenako kunatulukira mayi wina wachizungu wa tsidya la msewu, mmodzi wa aja ogona m'kalavani. Anati nyumba yake yawonongeka chifukwa cha ngalande zotsekeka, ndiye wina n'kumathira dala zinyalala mumsewu? Ndinamuuza mwaulemu kuti agogo anga amwalira, kuti masambawo ndidzawachotsa ndekha tsiku lomwelo, popeza kuchotsa masamba ndiyo ntchito yanga. Anati pepani za agogo anuwo, koma lamulo ndi lamulo. Anaimba foni ine ndikumva.

Ndinaima pakati pa msewu, pafupi ndi mzere wa kumtunda, ndilibe chipewa. Magalimoto ankafika, n'kuchepetsa liwiro, n'kuponda masambawo pang'onopang'ono oyendetsa akundiyang'ana. Sankadziwa chifukwa chake, komabe ankachepetsa. Zinandikwanira.

Posakhalitsa ndinamva kulira kwa injini imene ndinkaidziwa ngati chifuwa changa chomwe. A khonsolo anali atatumiza lole yathu. Gary anatsika, nayang'ana masamba, nayang'ana ine.

"Mas, undiuze kuti si iwe."

"Ndine."

Nthabwala yake ya chipewa ija inali isanathe, ankaichitabe chaka chilichonse, choncho sanafunikire kumufotokozera.

"Ndani?"

"Agogo."

"Aja ankati kwanu tsache silinasowe aja?"

"Omwewo."

Anakanda m'mutu. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa masamba mumsewu. Lero ukufuna ndiwalondere?"

"Sindikukupempha kanthu, Gary. Koma ukafuna kuwachotsa, uyambe wandichotsa ine."

"Msana wangawu? Ndingakunyamule iwe?" Anatembenukira kwa mayi uja. "Mayi, tiwachotsa, musadandaule. Koma lamulo likuti tiyambe tatseka msewu." Kenako kwa ine, chapansipansi: "Mpaka liti?"

"Mpaka foni ilire."

"Tiyi wanga lero watentha kwambiri. Atenga nthawi kuti azizire."

Anapingasa lole kumapeto kwa msewu, nayatsa magetsi ake achikasu ophethira aja, natsegula fulasiki yake. Chipewa anachiika pampando. Mayi Chisale ataona zimenezo anatsegula chitseko ndi mazenera onse, ndipo azimayi aja anaimba ndi mawu awo enieni, mawu a kumudzi, mpaka makatani a nyumba zoyandikana anayamba kugwedezeka, anthu akusuzumira. Pamenepo ndi pomwe ndinalira.

Chakumasana foni inalira. Anali a Bisalomu. "Tawaika, mwana iwe. Anthu anali ngati nyerere. Zonse zayenda bwino, usadandaule." Ndinatenga tsache pa lole n'kusesa mizere yonse iwiri, osasiya ngakhale katsamba kamodzi pangalande ya mayi uja.

Lolemba a ejensi anandiuza kuti ku masamba sakundifunanso. Gary naye mabwana anamuchenjeza kuofesi, ndipo anandiimbira kudzandiuza akuseka. Sindinadandaule ndipo mpaka pano sindidandaula. Ndinakalowa fakitale ya nkhuku. Koma mtima wokhala kumeneko unali utachoka, chifukwa amene ndinkamuvutikira kunalibenso. Mapepala atadzakanidwa pamapeto pake, sindinadikire kuti adzachite kundinyamula. Ndinagula ndekha tikiti, ndipo mu Okutobala 2009 ndinatsika minibasi pa msewu wa kwathu, kutentha kuli phuliphuli, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana kumapiri.

Denga lija ndinaliona ndili patali. Nditafika ndinapeza pakhonde pali mpando wa ndalema, a Bisalomu atakhalapo. Anali atasamukiramo ndi banja lawo lonse. Anandikumbatira, anandiphera nkhuku, anafunsa ngati ndawabweretsera jekete. Anati nyumba yopanda anthu imagwa msanga, ndiye anaona kuti aziisamalira.

M'mawa mwake ndinapempha Mayi a Tereza kuti akandionetse manda. Mtumbira unali kumapeto kwenikweni, kutali ndi a ana awo, utamera tchire. Ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu. Mayiwo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali.

"Mwanawe, a Bisalomu anakuuza kuti chiyani za tsiku lija?"

"Anati anthu anali ngati nyerere."

"Nyerere zinalipo. Anthu ndiye ayi."

Anandiuza zonse, osakometsa. M'siwa munagona azimayi ochepa oti sakanadzaza mphasa imodzi. Adzukulu anakana kukumba manda. Anati mayiyo mdzukulu ali naye wakewake, auluke abwere adzakumbe yekha, poti zouluka pabanjapo amazidziwa. Anachita kukalemba aganyu a mudzi wina. Malata aja sanatseke pakamwa pa munthu aliyense. Anthu ankati aNankhoma anandiulutsa palichero kuti ndizikawabera ndalama azungu, ndipo denga lowalalo ndiwo unali umboni wake. Chiyambire kufolera, ngakhale opempha mchere aja anasiya kubwera. Amene ankanena zimenezi mokweza kuposa onse anali malume anga.

"Agogo sanandiuze bwanji?"

"Anandiletsa. Anati mwanayo akusesa kozizira, musamuwonjezere katundu."

"Nanga pamsewu anaika masamba?"

"Akanaika ndani? Ine ndinali kusambitsa thupi. Njinga zinkangodutsa. Wina anadutsa wailesi ikulira."

Choncho padziko lonse lapansi, msewu umene unaima chifukwa cha aNankhoma unali umodzi wokha, wa anthu amene sanawaonepo nkhope.

Ndinamaliza kuzula udzu, ndinasamba m'manja pamjigo, n'kupita kwa mmisiri uja kukabwereka makwerero ndi hamala yozulira misomali. Mwana wa Mayi a Tereza, yemwe tsopano anali bambo wa ana ake, ndinamupempha kuti aime pansi azilandira. Ndinakwera padenga n'kuzula msomali woyamba.

Phokoso la lata likamazuka limamveka kutali. A Bisalomu anatuluka akumanga lamba.

"Masautso! Ukutani pamenepo?"

"Ndikukupulumutsani, malume."

"Kundipulumutsa chiyani? Tsika!"

"Malatawa ndi a mfiti. Munanena nokha. Anagulidwa ndi ndalama za palichero. Munthu wopemphera ngati inu simungagone pansi pake, angakudwalitseni."

"Iwe mwana, mvula ili pafupi! Ana anga agona kuti?"

"Nyumba yanu ija ilipo. Udzu kudambo sunathe."

Anatukwana, anaopseza kuti akandisumira, anati Mangalande yandipengetsa. Ndinawauza kuti akasume, ndipo pabwalopo akafotokoze bwinobwino kuti malatawo ndi a ndani ndipo anabwera bwanji. Sanapite. Lata loyamba linatsika, lachiwiri linatsika. Ndinauza mnzanga uja kuti azikawasanja pakhomo pa mayi ake, pomwe denga laudzu linali litaboka kale.

Mayi a Tereza anabwera akuthamanga, manja ali kumutu. "Mwanawe, ine sindikufuna milandu!"

"Mlandu ndi wanga, mayi. Denga ndi lanu."

Ndili pamwambapo ndinaona anthu akubwera. Anachokera kumjigo, kudimba, kuchigayo, ku bawo. Azimayi ndi ana kumbuyo, azibambo ndi makasu paphewa, adzukulu aja, a kwaya ndi akuluampingo omwe. Wanjinga anatsika njinga yake kuti aone bwino. Bwalo la agogo linadzaza mpaka ena anaima m'munda. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi monga ndinkachitira ndili mwana, ndipo ambiri anagwetsa maso.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti mudzi wathu ukudikira kuti ndiubweretsere chifukwa chotilemekezera. Tsiku limenelo ndinaona kuti sunkadikira kanthu. Njira ya pakhomo pa aNankhoma ankaidziwa onse, miyendo anali nayo, ndipo nthawi anali nayo yokwanira kuima padzuwa mpaka lata lomaliza litatsika.